Asidi mu Kafue, mphekesera mu foni: ndani akuphunzitsa ana athu kusefa nkhani?

Pa 18 February 2025, damu losungiramo zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi. Madzi a asidi anatsikira mumtsinje wa Mwambashi, kuchoka apo n'kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, chimanga cha m'mbali mwa mtsinje chinapserera chili chiimire, ndipo a Nkana Water anazimitsa makina opopa madzi. Mzinda wa Kitwe, wa anthu pafupifupi 700,000, unakhala masiku angapo mapompi atauma gwa. Ndege za asilikali zinauluka pamwamba pa mtsinje zikuwaza laimu kuti asidi achepe mphamvu.

Madzi anasowa, koma nkhani sizinasowe. Inu amene munali kukwera mabasi a ku Chimwemwe, Ndeke, Kwacha kapena Wusakile masiku amenewo mukumbukira bwino: foni kumanja, chigubu chopanda kanthu pamiyendo, ndipo aliyense ali ndi zake zimene watumiziridwa. Zithunzi, mavidiyo, ma voice note a munthu wosadziwika dzina. Kuyambira pampando wakutsogolo mpaka kwa kondakita wolendewera pakhomo, funso linali limodzi: madzi akabwera, timwe kapena tisamwe? Nanga nsomba za pa Chisokone, tigule?

M'nyumba zambiri za m'makomboni, funso lotere limathera m'manja mwa mwana wa sukulu. Ndiye amene adziwa Chizungu, ndiye amene adziwa potobwanya. Amayi amangomupatsira foni: "Iwe, tiwerengereko, ati bwanji apa?" Mwana wa Fomu 1 kapena Giredi 11 amasanduka mkonzi wa nkhani wa banja lonse, ndipo zimene iye wakhulupirira ndi zimene banja lidzamwa, lidzagula, kapena lidzathawa. Ntchito ndi yaikulu, koma ambiri mwa anawa palibe anawaphunzitsapo kagwiridwe kake.

50 miliyoni ndi 1.5 miliyoni, chachikulu n'chiti?

Tiyambe ndi masamu, chifukwa nkhani ya Kafue ili ndi phunziro limene mphunzitsi angapereke ndi choko chabe. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni ndiwo anatayikira. Patapita miyezi, kampani ya ku South Africa yotchedwa Drizit, imene inapatsidwa ntchito yoyeza kukula kwa kuonongekako, inati zinyalala zimene zinatuluka zinaposa matani 1.5 miliyoni. Sino-Metals inathetsa mgwirizano wake ndi Drizit ndipo inatsutsa ziwerengero zimenezo.

Onetsani manambala awiriwa kwa munthu amene ali pa changu, adzakuuzani kuti 50 ndi wamkulu kuposa 1.5, basi nkhani yatha. Koma nambala imodzi ikukamba za malita, inayo za matani. Malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi. Ndiye kuti malita 50 miliyoni ndi matani pafupifupi 50,000, kapena kuposako pang'ono poti matope a mgodi amalemera kuposa madzi. Gawani 1.5 miliyoni ndi 50,000, mupeza 30. Lipoti lachiwirili likukamba kuti ngoziyo inakula kuwirikiza pafupifupi ka 30 kuposa mmene tinauzidwira poyamba. Masamu amenewa safuna bandulo, safuna malaiti. Afuna chabe mwana amene anazolowetsedwa kuyang'ana liwu limene lili kutsogolo kwa nambala.

Mbali ziwirizi zikutsutsana, ndipo apa m'pamene ambiri a ife timasankha timu ngati ndi Nkana ndi Power Dynamos zakumana pa Arthur Davies. Wodana ndi makampani a ku China atenga nambala yaikulu, woopa kuti migodi ingatsekedwe atenga yaing'ono. Mwana wophunzitsidwa bwino amayamba wafunsa zina. Ndani anayeza? Anamulipira ndani? Nambala ikakula, ataya ndalama ndani? Ikachepa, apindula ndani? Kampani imene ingalipitsidwe chipukuta misozi ili ndi chifukwa chofunira nambala yaing'ono. Kampani imene yachotsedwa ntchito nayonso ili ndi dzina lake loteteza. Izi sizikutanthauza kuti onse akunama. Zikutanthauza kuti pafunika wachitatu, ndipo mwana ayenera kudziwa kuti kuli bungwe la boma loona zachilengedwe, ZEMA, kuli akatswiri a pa Copperbelt University ku Riverside konkuno, kulinso khoti kumene anthu okhudzidwa anakasuma mu September 2025.

Pamene akuluakulu okhaokha asemphana

Malangizo amene timamva kawirikawiri ndi akuti khulupirirani zochokera ku maofesi ovomerezeka. Ndi malangizo abwino, koma mu August 2025 anatisiya panjira. Pa 6 August, ofesi ya kazembe wa America inatulutsa chenjezo, n'kulamula ogwira ntchito ake kuti achoke ku Kitwe ndi madera oyandikana nawo, ikutchula poizoni monga arsenic, cyanide ndi uranium. Mneneri wa boma, a Cornelius Mweetwa, anayankha kuti zoyeza za mu labu zikusonyeza kuti asidi m'madzi wabwerera pa mlingo wabwino, zitsulo zapoizoni zikuchepa, ndipo palibe chifukwa chochitira mantha.

Onse awiri ndi maofesi, onse ali ndi chidindo, onse akamba Chizungu chosalala. Manje mayi wa ku Bulangililo amene ali ndi khanda loyamwa amvere ndani?

Sikuti yankho likubisala m'kusankha mbendera. Lili m'mafunso ang'onoang'ono amene mphunzitsi wa sayansi amawadziwa kale. Anayeza chiyani: madzi a pa pompi atatsukidwa, madzi a mumtsinje, a pachitsime cha kuseli kwa nyumba, kapena dothi la m'munda? Anatunga pati, ku Chambishi pafupi ndi damu kapena kumunsi? Tsiku liti? Muyeso wa pH umangokuuzani ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi. Sukuuzani kuchuluka kwa zitsulo zimene zakhazikika m'matope pansi pa mtsinje. N'zotheka kuti wina akukamba za pompi, wina akukamba za dothi, ndipo ife m'basi tikukangana ngati akukamba chinthu chimodzi. Mwana amene angathe kusiyanitsa zimenezi wathandiza banja lake kuposa amene waloweza matanthauzo 20 a mayeso.

Tulukani mu uthengawo, funsani apambali

Vutoli si la ana a ku Kopala okha. Mu 2016, ofufuza a pa yunivesite ya Stanford ku America, motsogozedwa ndi Pulofesa Sam Wineburg, anasanthula mayankho 7,804 a ana a sukulu ndi a m'makoleji. Pakati pa ana a msinkhu wa kumapeto kwa pulayimale ndi kumayambiriro kwa sekondale, oposa 80 pa 100 alionse anatenga chotsatsa malonda ngati nkhani yeniyeni, ngakhale kuti panali palembedwa kuti ndi cholipiridwa. Amenewa ndi ana obadwira pa kompyuta, a intaneti yosatha. Kudziwa kutobwanya si kudziwa kusefa.

Chaka chotsatira, Wineburg ndi mnzake Sarah McGrew anayesa magulu atatu: akatswiri a mbiri yakale 10, ophunzira a pa Stanford 25, ndi anthu 10 amene ntchito yawo ndi kutsimikizira nkhani m'manyuzipepala. Akatswiri ndi ophunzira ambiri anakhazikika pa tsamba limene anapatsidwa, akuyang'ana chizindikiro chake, kakonzedwe kake ndi Chizungu chake, ndipo ambiri ananyengeka. Otsimikizira nkhani aja sanachedwepo. Analisiya tsambalo, n'kutsegula ena kuti aone zimene anthu ena akukamba za mwini wake. Anapeza choonadi mwamsanga kuposa onse. Njira imeneyi Wineburg ndi McGrew anaitcha lateral reading, ndiko kuti kuwerenga cham'mbali.

Inu okwera mabasi njira imeneyi mumaidziwa kale, kungoti simunaipatse dzina. Pa siteshoni ya KMB woitanira akakuuzani kuti basi inyamuka manje manje, ndipo mkati mukuona mitu ya anthu, simufunsa iye yemweyo ngati akukamba zoona. Mumafunsa amayi ogulitsa nthochi pambali kuti basi iyi yaima nthawi yaitali bwanji, ndipo mumadziwa kuti ena mwa okhala mkatiwo atsika ikangoyamba kudzaza. Chomwecho ndi uthenga wa pa WhatsApp. Chidindo cha unduna, chithunzi cha nduna ndi siginecha, zonsezo munthu angapange pa foni m'mphindi zisanu. Umboni suli mkati mwa uthengawo. Uli pambali: kodi tsamba lenileni la undunawo lalemba zimenezi? Nanga ZNBC, Radio Icengelo, Sun FM kapena nyuzipepala ina iliyonse yakambapo? Ngati nkhani ndi yaikulu chonchi koma ili mu gulu la mpingo wanu lokha, dikirani kaye.

WhatsApp imathandizako pang'ono. Uthenga umene wadutsa m'manja ambiri umakhala ndi timivi tiwiri ndi mawu akuti Forwarded many times, ndipo kuyambira April 2020 uthenga wotere umatumizika kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi pa nthawi. Chithunzi chokayikitsa mungachiike mu Google Lens n'kuona ngati sichinatulukepo kale, mwina zaka zisanu zapitazo, mwina ku dziko lina. Nsomba zakufa zimafanana kulikonse.

Koma kutuluka kumadya bandulo

Apa m'pamene nzeru za ku Stanford zimakumana ndi thumba la ku Buchi. Kuwerenga cham'mbali kumafuna kuti mutsegule masamba ena, ndipo ambiri a ife timagula timabandulo totchipa ta WhatsApp ndi Facebook chabe. Uthenga umafika, koma linki yake sitseguka. Mutu wa nkhani umaoneka, thupi lake ayi. Zambia ndi dziko loyamba padziko lonse kumene Facebook inayambitsira pulogalamu yake ya pa foni ya Internet.org, mu July 2014, ndipo kuchokera nthawi imeneyo pali anthu ambiri amene kwa iwo intaneti ndi Facebook basi. Bodza limafika pa mtengo wotsika, kulitsimikizira kumafuna ndalama ina. Ndani adzasiya kugula tomato kuti atsimikizire voice note?

N'chifukwa chake phunziroli kwathu kuno liyenera kuyamba ndi zinthu zaulere: kuyang'ana deti, kufunsa dzina la wolankhula, kuchita masamu, kutsegula wailesi nthawi ya nkhani, ndi kudikira ola limodzi musanatumize kwa ena.

Zimene zili m'kalasi

Boma silinagone kotheratu pa nkhaniyi. Phunziro la Computer Studies linalowa mu Giredi 8 ndi 9 ndi silabasi imene inakonzedwa mu 2013, ndipo mayeso ake oyamba analembedwa mu 2015. Amene analipo akumbukira kuti m'masukulu ena makompyuta anachepa kwambiri moti ana analemba mosinthana mpaka usiku. Pamene makina ndi ochepa chonchi, nthawi imathera pa kuphunzira kuyatsa, kutaipa ndi kusunga fayilo. Funso lakuti kodi zimene zili pa sikirini n'zoona limatsalira kumbuyo.

Silabasi yatsopano, imene inayamba mu 2025 n'kubweretsa Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8, imatchula kuganiza mofufuza ndi luso la zipangizo za dijito pakati pa maluso amene mwana ayenera kutuluka nawo. Papepala zili bwino. Koma kuyambira pamene maphunziro aulere anayamba mu January 2022 makalasi anadzaza, ndipo masukulu ambiri salola mafoni. Ndiye chida chimene mwana amanyengedwera nacho chimatsala kunyumba, ndipo m'kalasi amaphunzira za intaneti imene sakuiona.

Kwa ine, kulakwa kwakukulu kungakhale kusiyira nkhaniyi mphunzitsi wa kompyuta yekha. Malita ndi matani ndi a mphunzitsi wa masamu. pH ndi wa sayansi. Funso lakuti wolankhulayu akufuna chiyani ndi la Civic Education ndi History. Kusiyanitsa zimene munthu waona ndi zimene akungoganiza ndi kwa mphunzitsi wa chilankhulo, kaya Chizungu, Chibemba kapena Chinyanja. Mphunzitsi angasindikize mapepala anayi, mawu a kampani, a boma, a kazembe ndi nkhani ya mu nyuzipepala, n'kugawa kalasi m'magulu kuti aliyense apeze amene akulankhula, tsiku, chimene chinayezedwa ndi chimene sichinatchulidwe. Aphunzitsi amene akusulidwa pa Mukuba University ku Itimpi ndi pa Kitwe College of Education akakhala kuti ayesapo okha zimenezi asanatuluke, sadzadikira kuti wina awabweretsere labu ya makompyuta.

Mtengo wa kusafunsa

Wina anganene kuti izi ndi zokambirana za ophunzira, ife tili ndi njala. Kumbukirani chiyambi cha 2020. Nkhani ya gassing, ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, inayambira ku Chingola n'kufalikira ku Kitwe, ku Ndola, ku Lusaka ndi madera ena. Anthu anagona panja atasonkha moto, misewu inatsekedwa ndi miyala, asilikali anatulutsidwa. Mantha anali ndi poyambira, koma mphekesera zinathamanga kuposa apolisi, pakamwa ndi pa foni pomwe. Pofika kumapeto kwake, anthu oposa 40 anali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ambiri mwa iwo pongoganiziridwa chabe. Kukhala mlendo m'komboni, kapena kunyamula chikwama pa nthawi yolakwika, kunali kokwanira. Ana amene anali mu Giredi 3 nthawi imeneyo ndi amene ali ku sekondale lero.

Ana a sukulu ali nazo zawonso. Mu October 2018, nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, a David Mabumba, inaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 pepala la masamu la Giredi 9 litafalikira pa intaneti. Chifukwa choti zinachitikapo zenizeni, nyengo ya mayeso ikafika akathyali amapezerapo msika, kulonjeza ma leakage kwa amene atumize ndalama pa foni. Mwana amataya ndalama ya amayi ake, amataya usiku akuloweza pepala labodza, ndipo sangadandaule kwa aliyense poti iyenso anali kufuna kuba. Ena amalonjeza kusintha magiredi. Zotsatira zenizeni za Examinations Council of Zambia zimapezeka kusukulu kapena potumiza SMS ku 8383, osati kwa munthu wa mu inbox. Ndipo nambala ija yokuuzani kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi mungainene ku ZICTA poimba *707#.

Manje kwabweranso mphunzitsi wina wosatopa. Meta AI inafika mu WhatsApp ya ku Zambia mu April 2024, ndipo ana akuifunsa homuweki monga amafunsiranso ChatGPT. Imayankha mwaulemu, mwamsanga, m'Chizungu chopanda chilema, ndipo ikalakwitsa imalakwitsa ndi mawu odzidalira omwewo. Ku koleji ya utolankhani amatiuza kuti nkhani ya gwero limodzi sinapse. Makinawa ndi gwero limodzi, ndipo nthawi zambiri sakuuzani kumene atenga.

Malamulo alipo. Lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes la 2021 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu April 2025, ndipo bungwe la maloya, Law Association of Zambia, linadandaula kuti mbali zina zingapondereze ufulu wolankhula. Kutseka nakonso tinakuyesa: pa tsiku la chisankho, 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, achinyamata n'kuphunzira VPN tsiku lomwelo, mpaka khoti linalamula kuti zitsegulidwe bungwe la Chapter One Foundation litakasuma. Lamulo limagwira wofalitsa bodza nyumba itapsa kale, ndipo silingauze mayi uja ngati amwe madzi. Chaka chomwecho cha 2021 kunayambika iVerify Zambia, ntchito yotsimikizira nkhani yoyendetsedwa ndi Panos Institute Southern Africa mothandizidwa ndi UNDP. Ndi chida chabwino, koma funsani m'basi muno kuti ndi angati analimvapo dzinalo.

Kwa anzathu a ku Ndola, nkhani ya Kafue ili ndi kaphunziro kena kapadera. Uthenga ukafika wonena kuti madzi a ku Copperbelt ali ndi poizoni, mwana wa ku Chifubu, Lubuto kapena Kabushi angayambe ndi kutsegula dirowa n'kutulutsa bilu ya madzi. Pamwamba palembedwa Kafubu Water, osati Nkana Water. Kenako atsegule mapu a m'buku la Social Studies: mtsinje wa Kafubu umatsikira mu Kafue, ndipo asidi wa ku Chambishi sangakwere chokweza kubwera ku Itawa. Ngati madzi a ku Ndola ali ndi mavuto, ndi mavuto ake, ofunika kufunsa kwa eni ake pa ofesi ya Kafubu, bilu ili kumanja.